Wudhu wa Haji Deraman

Kuala Lumpur, 6 Okutobala 1996

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, pamodzi ndi abakha a Mayi. Kuno ine ndili moyo, ngakhale miyendo yanga mutaifunsa ingakuuzeni zina.

Andisamutsa. Ndachoka ku wodi ya ana, tsopano ndili ku wodi ya amuna ochitidwa opaleshoni. Mabedi andanda mbali zonse ziwiri mpaka kukhomo, ndipo pabedi lililonse pagona mwamuna. Bambo, inu ndinu Imamu wa mzikiti wa m'mudzi mwathu, ndiye vuto langa mwaliona kale ndisanalitchule. Munandiphunzitsa nokha pachitsime paja kuti khungu la mkazi likangokhudzana ndi la mwamuna amene si bambo ake kapena mlongo wake, ngakhale akhale mwamuna wake wa pabanja, wudhu wa onse awiri waonongeka, abwerere kumadzi akasambenso nkhope, mikono ndi mapazi asanaime pa swala. Ku ana kunalibe mlandu umenewo. Kuno munthu aliyense amene ndamugwira ndi ulendo wa kumpopi.

Tsiku langa limayenda chonchi. Ndipanga wudhu, ndimanga mpango, ndiyamba kutsika masitepe kupita kukachipinda koswalira, kamene akuluakulu anzeru zakuya anakaika pansi penipeni, kuseri kwa khitchini. Ndisanafike, kachida koitanira madokotala kamene timakoloweka m'chiuno kalira. Ndibwerera. Wina wazula chubu chake chifukwa akuti chimamuyabwa. Ndimugwira, wudhu wapita. Ndisambanso, nditsika, kalira. Kachida kameneka ndikuganiza kuti kamamva azana, mfuu yoitanira ku swala, msanga kuposa anthu ambiri a kwathu. Dzulo swala ya masana, Zuhuri, ndinaiswali itatsala pang'ono kutha, nditaima pakati pa kabati ya mankhwala ndi chitsulo chopachikapo diripi, ya madzulo, Asiri, ikundipumira m'khosi.

Mkulu wa anamwino kuno ndi Sisitala Letchumi, mayi wachihindu amene sanaphunzirepo kunong'ona. Atandipeza pampopi kachinayi anati, "Dokotala, inu ndi bakha? Tikumangireni dziwe pakhonde?" Koma ndi yemweyo amene amandikoka chikhoti n'kunena, "Thamangani, bedi ili ndiligwira ine, Mulungu wanu akudikira."

Nkhani yabwino ilipo imodzi. Dokotala wamkulu anaona mmene ndimasokera bala, ndipo akuti ndili ndi manja a opaleshoni. Ndikapirira muno zaka ziwiri anditumiza kukaphunzira. Manja a opaleshoniwo pakali pano ang'ambika ndi sopo wa chipatala. Mayi, nditumizireni mafuta a kokonati aja mumaphika nokha, chovala china choswalira chifukwa ichi chadontheredwa mankhwala ofiira, ndi keropok wambiri, tokazinga ta nsomba tija, pakuti nsomba za kuno zimamveka ngati zinafa ndi chisoni.

Sabata yatha kunabwera azakhali Timah ndi amuna awo kudzaonetsa phazi lija. Ndinangowaonera patali, sindinapeze mpata wokhala nawo pansi. Mukawaona mundipepesereko. Ndikudziwa kuti azakhali sasunga kanthu kukhosi, amangokasunga pakamwa.

Mwana wanu,
Zaiton


Besut, 20 Okutobala 1996

Kwa Dokotala Zaiton binti Deraman,

Walaikumu salamu. Ndalemba "Dokotala" chifukwa ndamva kuti kumeneko dzina limeneli limamasula munthu ku zinthu zambiri zimene zimatimanga ife osaphunzira. Kuno tili bwino. Mphepo yayamba, asodzi akukokera maboti kumtunda.

Azakhali ako Timah anafika, ndipo sanafike chimanjamanja. Asanavule n'komwe nsapato anayamba: "Achimwene, mwana wanu ndamuona ndi maso angawa. Azana ya Asiri ikulira, iye ali pabedi la chimwamuna chandevu, atachigwira padzanja apa, popanda kansalu, popanda kanthu, akuyang'ana wotchi ngati akudikira basi. Dzuwa mpaka kulowa osaoneka. Kenako ndamupeza kukachipinda kuja akuswali Asiri ndi Magharibi ya polowa dzuwa kamodzin'kamodzi, kuzisanjikiza ngati mbale. Ine sindinena zambiri, si mwana wanga." Anandiuza ine, anauza amayi ako, ndipo pobwerera anapatukira pa golosale ya Awang kukagula machesi. Pofika Lachisanu mudzi wonse unali utamva.

Lachisanulo ndinaima kutsogolo kulalikira za kusunga nthawi ya swala, ndipo ndinaona anthu akuweramitsa mitu. Ndinathokoza Allah kuti ulaliki wawalasa mtima. Anali kubisa kuseka.

Ukudandaula za wudhu. Ine ndakhala zaka makumi atatu m'nyumba imodzi ndi mkazi, nyumba ya zipinda ziwiri, koma wudhu wa Subuhi, swala ya m'bandakucha, umandifikitsa ku Zuhuri, ndipo wa Asiri umandifikitsa ku Isha ya usiku. Funsa aliyense. Palibe matsenga, ndi kusamala basi. Ngati ine nkhalamba ndimatha kuzemba mkazi mmodzi pakhomo lopapatiza, boma silingalephere kukugulira magolovesi.

Koma mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga. Kuno mayi wina watsegula kachipatala kake ka amayi oyembekezera ndi sikelo ya ana, ndipo akufuna dokotala wamkazi. Odwala onse ndi akazi, ntchito imatha dzuwa lisanapendeke, mzikiti uli kutsidya kwa msewu. Lemba kalata yosiya ntchito kumeneko, ubwere.

Ndakupatsa mpaka Idi. Ukadzabwera tsiku la Idi ukadali wa wodi imeneyo, udzapsompsone dzanja la amayi ako, la azakhali ako, la mudzi wonse ngati ukufuna, koma langa ndidzaliika m'thumba. Sindingakhululukire pamaso pa anthu chinthu chimene mawa lake ukukachitanso.

Bambo ako,
Haji Deraman bin Jusoh, Imamu


Besut, 22 Okutobala 1996

Ton mwana wanga,

Salamu. Moni wako abakha aulandira, kupatula awiri amene tinadya. Mafuta, chovala ndi keropok ndapatsira dalaivala wa basi ya ku Kuala Lumpur, ukatenge ku depoti. Botololo ndi la manja, usakazingire mazira.

Kalata ya bambo ako ndinaiwerenga isanamatidwe, iwo ali ku mzikiti. Akunena zoona, wudhu wawo ndi wotchuka boma lonse la Besut. Angoiwala kutchula munthu amene amawasungira. Ndine.

Tiyi ndimaika patebulo, ndibwerera m'mbuyo, iwo n'kutenga. Makiyi ndimawaponyera m'manja kuchokera m'mwamba ngati ndikudyetsa nkhuku. Tikakumana pakhomo amadziphatika kukhoma, mimba kuikokera m'kati, manja m'mwamba, ngati ndanyamula chiwaya cha mafuta otentha. Panjinga yamoto ndimagwira kachitsulo kakumbuyo. Ndinawauzapo kuti, "A Haji, malaya ndi nsalu, ndikagwira malaya palibe chaonongeka." Akuti dzanja limatsetsereka. Ndiye tsiku lina pamlatho wa matabwa paja ndinatsetsereka ndine, mpaka m'munda wa mpunga, iwo n'kukafika kunyumba okha, akundisimbira nkhani njira yonse.

Amayi anzanga amati, "Limah, uli ndi mwayi, unakwatiwa ndi munthu woyera." Eya. Inenso ndimamuonera patali ngati iwo omwe. Zoti iwe unabadwa bwanji usandifunse, ungodziwa kuti pakati pa Isha ndi Subuhi pali kampata.

Azakhali akowo asiye. Phazi la amuna awo linapola, ndiye alibe china chosimba. Koma bambo ako usawayankhe ndi moto. Amakukonda, kungoti nkhope yawo ya Lachisanu amaikondanso kwambiri. Ine sindinakazinge keropok pamsewu zaka zonse zija, utsi uli m'maso, kuti iwe udzathere kutsidya kwa msewu ukupachika ana pasikelo. Komabe za dzanja la pa Idi akunena zenizeni. Umawadziwa, akanena chinthu amachikhalira ngati nkhuku pamazira.

Mutu ukundivuta masiku ano, kumbuyo kuno, ndipo dzanja lamanja limachita dzanzi ndikamakanda nsomba. Poti ndinabereka dokotala, nditumizire timapiritsi tabwino ta mumzinda.

Mayi ako,
Limah


Kuala Lumpur, 10 Novembala 1996

Bambo wanga wolemekezeka,

Asalamu alaikumu. Katundu wafika, muwathokoze Mayi. Kalata yanunso yafika, ndipo ikulemera kuposa katunduyo.

Azakhali ali ndi maso akuthwa, chomvetsa chisoni n'chakuti anawagwiritsa ntchito theka. Chimwamuna chandevucho chinkataya magazi m'mimba. Ndinkawerenga kugunda kwa mtima wake, si basi imene ndinkadikira. Tinathamanga naye ku opaleshoni, tinatuluka dzuwa litalowa. Asiri inandidutsa, ndipo ndinaibweza misozi ili m'maso. Munthuyo anabwerera kwawo ndi miyendo yake, kwa ana ake. Azakhali akanandifunsa ndikanawauza, koma kufunsa kumaononga nkhani.

Komabe ndinakumverani. Masabata awiri ndinavala magolovesi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kusintha pabedi lililonse. Wudhu wanga unakhala ngati wanu, Bambo, wonyezimira. Sisitala Letchumi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Dokotala, mwabwera kudzaona odwala kapena kudzatsuka zimbudzi? Magolovesi a mwezi wonse mwamaliza nokha. Ngati ndi lamulo la kumwamba, kumwambako atumize bokosi lawo."

Pabedi la pakona panali agogo ena, a Mat Piah, amene moyo wawo wonse anapalasa njinga yonyamula anthu mumzinda muno. Matenda anali atawadya chiwindi, ndipo panalibe m'bale ngakhale mmodzi wodzawaona. Tsiku lina ndikuwapima anandifunsa, "Mwana wanga, kodi ndikununkha?"

Ndinati, "Ayi, agogo."

"Nanga bwanji ukundigwira ngati nsomba yoola? Kale unkandigwira ndi dzanja."

Ndinawafotokozera za wudhu. Anaseka mpaka kutsokomola. "Aa, pepa, pepa! Sindinkadziwa kuti ndikadali mwamuna. Kawauzeko anamwinowa, amve nawo."

Lachitatu anayamba kutsirizika, azana ya Magharibi ikulowera pazenera. Panalibenso mankhwala owapatsa. Anatambasula dzanja. Ndinayang'ana golovesi, ndinayang'ana wotchi, ndipo ndinachita manyazi ndi zonse ziwiri. Ndinavula. Ndinawagwira, ndikuwanong'oneza Shahada, mawu a chikhulupiriro chathu, kukhutu monga munandiphunzitsira, mpaka anasiya kufinya. Kenako ndinasamba, ndinatsika, ndinaswali Magharibi pamodzi ndi Isha. Shehe wa pachipatala pano akuti munthu wogwira ntchito yosunga moyo akapanikizika akhoza kuphatikiza ziwirizi.

Swala sindinaitaye, Bambo, ndipo sindidzaitaya. Ndimaithamangira tsiku lililonse mpaka phuma. Koma ntchito sindisiya.

Mapiritsi a Mayi sinditumiza. Mutu wa kumbuyo pamodzi ndi dzanzi si matenda a mapiritsi a mu envelopu. Apititseni akawayeze kuthamanga kwa magazi sabata ino, osati mawa la kwathu lija limene limatenga mwezi. Panjinga aloleni agwire malaya anu, saluma.

Mwana wanu,
Zaiton


Besut, 1 Disembala 1996

Kwa Shehe Dokotala Zaiton,

Walaikumu salamu. Ulaliki wako ndaulandira. Sindinkadziwa kuti boma likamapereka chida chomvera mtima limaperekanso nduwira. Kalatayo ndaiika pamwamba pa mabuku anga, mwina angaphunzirepo kanthu.

Shehe wa pachipatala chako ndi munthu wachifundo. Amene amadya kwa mwini ntchito amakhala ndi chifundo chambiri pa ntchitoyo. Ine ndinakhala pamapazi a aphunzitsi anga zaka zisanu ndi ziwiri, ndikudya mpunga ndi mchere, ndipo chimene ndinatengako ndi ichi: wophatikiza swala ndi wapaulendo. Iwe ulendo wako ndi wochoka pabedi ili kupita pabedi ilo. Agogo aja Allah awachitire chifundo. Koma m'chipatala chonsecho munalibe mwamuna wowagwira dzanja? Munalibe kansalu? Nsalu imapezeka nthawi zonse, mwana wanga, kwa munthu amene akuifuna.

Madzi asefukira, mlatho wamira, waya wa foni wa pa golosale ya Awang waduka. Amayi ako ndinawawerengera pemphero la dua m'madzi n'kumwa, akuti mutu wapepukako. Kuchipatala tipita madzi akaphwa. Za kugwira malayazo zandidziwitsa kuti m'nyumba mwanga muno muli mtolankhani.

Mawu anga ali pomwe ndinawasiya. Idi ikubwera, ndipo thumba la mkanjo wanga silinabooke.

Bambo ako,
Haji Deraman bin Jusoh, Imamu


Kuala Lumpur, 12 Januwale 1997

Bambo ndi Mayi,

Asalamu alaikumu, Ramadhani yabwino. Makalata anga awiri a m'Disembala sanayankhidwe. Pawailesi akuti madzi anaphwa kalekale ku Besut, ndiye ndikhulupirira kuti chinakokoloka ndi inki. Foni ya kwa Awang ikadali yakufa. Mayi, inunso mwakhala chete? Anakuyezani?

Chabwino, ndamva. Kukhala chete kwanu ndakumva bwino kuposa makalata.

Dzulo ndinamasula swaumu, kusala kwa tsiku lonse, ndi chipatso chimodzi cha tende ndi madzi a pampopi wa m'wodi, chiimirire. Ndili pamenepo ndinakumbuka m'mawa wa Idi kwathu, inu Bambo mutakhala pampando wa pakhonde, ife tikuyenda ndi maondo kudzapsompsona dzanja lanu ndi kupempha chikhululuko, inu n'kundigwira pamutu. Ndinayesa kudziona nditagwada pamenepo, abale onse akuyang'ana, azakhali Timah atasankha malo akutsogolo, dzanja lili m'thumba. Sindingathe, Bambo. Ndatsegula mimba za anthu osanjenjemera, koma icho chokha sindingathe.

Mwapambana. Kalata yosiya ntchito ndalemba, ili m'thumba la chikhoti changa. Ndidzaipereka Lolemba lomaliza la Ramadhani, kenako ndidzakwera basi. Dokotala wamkulu ndamutsina khutu, anangoyang'ana manja anga nati, "Zachisoni." Sisitala Letchumi sanayankhe kanthu, ndipo anamwino akuti zimenezi sizinachitikepo chimangire chipatala chino.

Mukawauze a kachipatala kaja apukute sikelo. Ndidzakhala ndi wudhu wosaonongeka kuyambira Subuhi mpaka tsiku lopuma pantchito, ndipo Lachisanu mudzalalikira anthu atadzutsa mitu. Ine mtima ukundiwawa, koma zimenezo sizionetsa pakhonde.

Mwana wanu,
Zaiton


Besut, 26 Januwale 1997

Ton mwana wanga,

Salamu. Usadabwe ndi zolembazi. Akulankhula ndi mayi ako, akulemba ndi bambo ako, ndipo alumbira kuti alemba liwu lililonse. Munthu akusala sangaphwanye lumbiro, ndiye ndipezerepo mwayi.

Usathamange, khala pansi. Ndili moyo, ndili kunyumba. Ndinagwa ndi sitiroko yaing'ono tsiku lachinayi la Ramadhani. Mkono wamanja wachita ulesi, pakamwa panapotoka pang'ono, koma monga ukumvera pakugwira ntchito. Ndine ndinaletsa kuti asakutumizire uthenga. Ndinadziwa kuti ukabwera ndi misozi sudzabwereranso. Kuchipatala kuja unanena sitinapite. Madzi ataphwa kunali ukwati kwa Awang, kenako maliro, kenako Ramadhani. M'Disembala dzanja langa linali litayamba kale kukana cholembera, ndipo mlembi wanga uyu anali atanyanyala.

Tsopano tamvera. Ndinali pachitofu ndikuphika phala lomasulira swaumu. Bambo ako anali atapanga wudhu, atavala mkanjo woyera ndi chipewa, akudikira Magharibi kuti akatsogolere swala. Ndinangoona pansi pakubwera. Ndili chigonere pamenepo, lilime likukana, koma maso akuona. Ndinaona mwamuna wanga akuthamangira kwa ine, manja atatambasula. Ndinati mumtima, Limah, lero ndi lero. Atafika pafupi anaima. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Anathamangira kuchipinda, anabwerera. Kenako anatola zisanza ziwiri zophulira miphika, china dzanja ili, china dzanja ili, nandinyamula ngati akuphula mpunga. Nsalu imapezekadi nthawi zonse.

Zisanzazo zinali zochapa. Ndalemba ine, Deraman.

Ndawauza andiwerengere, ndipo ndamva kuti aonjezera zawo. Zinali zochapa chaka chatha. Pitirizani, a Haji.

Awang anatitenga pagalimoto yake ya nsomba mpaka kuchipatala cha boma. Tinapeza dokotala mmodzi yekha, mnyamata woonda wa msinkhu wako, Dokotala Shukri, chidindo chakuda cha swala chili pamphumi, tende yomasulira ikadali m'thumba la malaya. Iyeyo sanafunefune nsalu. Anandigwira pamkono, anandikanula zikope, anandigwira nkhope ndi manja ake awiri nati, "Mayi, ndiyang'aneni ine, musagone." Ndinali nditaiwala kuti manja a mwamuna amafunda.

Anagwira ntchito mnyamatayo, jakisoni, diripi, kuyeza, kuyezanso, chifukwa magazi anga ankathamanga ngati madzi osefukira aja. Kunja kunkada. Namwino anabwera nati, "Dokotala, Magharibi ikutha, simunalawe kanthu. Pitani, ndiwayang'anira ine." Mnyamatayo anasuzumira pazenera, nayamba kupinda mikono ya malaya kuti akapange wudhu.

Apa ndiye mulembe bwino, a Haji, musathamangitse cholembera.

Bambo ako, Imamu wa zaka zisanu ndi ziwiri za mpunga ndi mchere, anadumpha namugwira mnyamatayo malaya. "Supita kulikonse iwe! Uphatikiza ndi Isha. N'zololedwa! Ndine Imamu, ndikukuuza ndine!"

Mnyamatayo anati, "Koma a Haji, ine sindili paulendo."

Bambo ako anati, "Amene ali paulendo ndi mkazi wangayu. M'bweze!"

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chilolezo chimene chinakana kutuluka m'mabuku miyezi yonseyi chifukwa cha mwana wawo chinatuluka m'kamphindi, osatsegula ngakhale tsamba limodzi.

Mnyamatayo anakhala. Koma ndi wochenjera, amayi ake anamulera bwino. Anati, "Chabwino a Haji, ndiye mundithandize. Gwirani dzanja lawo ili, akafinya mundiuze." Bambo ako anayamba kuyang'anayang'ana m'mbali. Iye anati, "Popanda nsalu, a Haji. Pansalu simumva kanthu." Anagwira. Ine poyamba sindinkamva chilichonse, dzanjalo linali ngati la mwini wake. Ndinangoyesa, kuyesa, mpaka ndinamva munthu akukuwa, "Wafinya! Dokotala, wafinya!" ngati wapha nsomba yoyamba ya chaka. Pambuyo pake awiriwo anakaima pakona, Imamu ndi dokotala, n'kusanjikiza mbale zija za azakhali ako, Magharibi pansi Isha pamwamba. Denga silinagwe.

Tsopano anawalamula kuti azindipinda zala ndi kunditikita mkono ndi mafuta m'mawa, masana ndi madzulo. Ton, dzanja la bambo ako lili ngati khoko la kokonati, ndipo ali ndi njerewere pachala chapakati. Zaka makumi atatu ndinali ndisanaione masana. Wudhu wotchuka uja unatha. Amapita kuchitsime swala iliyonse ngati anthu ena onse, akung'ung'udza njira yonse, ndipo chitsime sichinaphwe. Azakhali ako anawapeza akunditikita pakhonde, anagwira pakamwa, kenako anakumbukira kuti machesi awathera.

Kalata yako inafika ine nditatuluka m'chipatala. Anandiwerengera. Atafika pa sikelo paja mawu anawathera, akuti ndi utsi wa kukhitchini, chonsecho moto sunakolezedwe. Ndiye tamva, mwana iwe. Kalata ili m'chikhoti ija uing'ambe, kapena ukulungiremo keropok. Mawa kugwa bambo wa munthu wina kumeneko, ndipo sindifuna kuti adzapeze dokotala atapita kukapachika ana pasikelo chifukwa cha thumba la mkanjo.

Mayi ako,
Limah

Zaiton, tsopano ndine. Amayi ako atopa, atseka maso. Ndalemba zonse monga ananenera, kupatula mawu awiri amene Imamu salemba m'Ramadhani.

Shehe wa pachipatala chako umupatse salamu zanga, koma usamuuze zambiri. Swala usaitaye. Ukapeza mpata thamangira, ukapanikizika Allah akuona wodi yako bwino kuposa azakhali ako. Poopa kuti kalatayi ingafike Lolemba lako litadutsa, nkhani yonse ndawauza azakhali akowo ndipo ndawapempha kuti asauze munthu, ndiye ikupeza mawa.

Ubwere pa Idi, ndi tikiti yobwerera. Dzanja udzalipeza kunja kwa thumba, ngati amayi ako adzakubwereke. Ukhululuke kuti mizere yapindika, pepala likuthawathawa patebulo popanda wolipanikiza. Azana ya Asiri ikulira, wudhu ndilibe, ndipo dzanja lamanzere alitenga iwo. Akuti akugona, koma akufinya.

Bambo ako,
Deraman